Kompyuta Yothamangitsidwa Ikayamba Kupunthwa

Anzanga ena a mu Fomu 3 akhala akundifunsa ku hositelo za chinthu chimene Angerezi amachitcha overclocking, ndipo popeza belu logonera limatidula masiku onse nkhani isanathe, ndaganiza kuti ndiilembe muno m'magazini yathu. Aphunzitsi athu a sayansi andikhululukire ngati ndalima m'munda mwawo.

M'kati mwa kompyuta ya pa tebulo muli kachipangizo kotchedwa purosesa, ndipo ndiko kamachita masamu onse. Purosesa imagwira ntchito motsata wotchi yake, monga ovina atsata ng'oma. Mukamva kuti purosesa ili ndi liwiro la 3.3 GHz, ndiye kuti ng'oma yakeyo imagunda ka 3,300,000,000 pa sekondi imodzi. Tsono overclocking ndiko kuuza woimba ng'oma kuti aimbe msanga koposa muyeso umene opanga adaika. Kutero sikuvuta konse, mwana wa Fomu 1 angathe. Chovuta ndicho kudziwa chimene chalakwika ovina akayamba kupondana.

Ine ndidaphunzira zimenezi pa tchuthi, pa kompyuta ya achimwene anga amene amataipira anthu makalata ndi kuwasindikizira. Kompyutayo njakale ndithu. Ili ndi purosesa ya Intel Core i5-2500K, imene idatuluka mu 2011. Chilembo K cha kumapetocho chitanthauza kuti mwini ali ndi ufulu wosintha nambala yochulukitsira liwiro. Bolodi lalikulu limene purosesa imakhalapo limapereka 100 MHz, ndipo mukachulukitsa ndi 33 mupeza 3.3 GHz ija. Nambalayi imasinthidwa mu BIOS, ndiko kuti tsamba limene limatseguka mukadina batani la Delete kapena F2 kompyuta ikungoyaka. Ine ndidafufuta 33 ndi kulembapo 45. Kompyuta idayaka bwinobwino, Windows idatseguka, ndipo ndidagona usiku umenewo ndikudziyesa katswiri.

M'mawa mwake achimwene ali pakati potaipira mayi wina kalata yofunsira ntchito, sikirini idangoti mbuu kubiriwira, kalata nkupita. Adayambanso, ndipo idateronso kachiwiri mayi aja ali chikhalire pa benchi. Mawu amene ndidalandira madzulo ake sindiwalemba muno.

Chifukwa chake ndi ichi. Mu purosesa muli timaswitchi tosaoneka ndi maso, ma transistor, ndipo kalikonse kamafuna kanthawi kuti katseguke kapena kutsekeka. Yankho la samu liyenera kufika pamalo pake ng'oma isanagundenso. Ng'oma ikafulumira kwambiri, yankho limapezeka likali m'njira, ndipo purosesa imawerenga 0 pamene payenera 1. Kuwonjezera mavoti kumathandiza timaswitchi kufulumira, koma kumabweretsa kutentha, ndipo kutentha nako kumatipangitsa kulakwa. Kotero munthu ali pakati pa zinthu zitatu, liwiro, mavoti ndi kutentha, ndipo ukakoka chimodzi zinazo zimasuntha.

Nthawi zina kompyuta imakana kuyaka kumene. Mafani amazungulira koma sikirini ili bii. Apa ambiri amachita mantha kuti aotcha purosesa, chonsecho kawirikawiri sizitero. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, chotsani kabatire kozungulira konga ndalama kamene kali pa bolodi, kolembedwa CR2032, dikirani mphindi zingapo ndi kukabwezera. BIOS imaiwala zonse zimene mudasintha ndipo imayambanso monga idachokera kwa opanga.

Ikamayaka koma nkumafa pakati pa ntchito, choyamba ndicho kubwezera zonse pa muyeso wa opanga ndi kuona ngati vuto latha. Ili ndi phazi limene anthu amalidumpha chifukwa cha changu. Ngati ikufabe pa liwiro lake lachibadwa, mlandu suli wa overclocking: mwina ndi RAM yoonongeka, mwina bokosi logawa magetsi m'kompyutamo lakalamba, mwina fumbi latseka mpweya. Ikakhala bwino, pamenepo mukweze pang'onopang'ono, nambala imodzi kapena ziwiri, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Ine poyamba ndidasintha liwiro, mavoti ndi za RAM pamodzi, ndipo itafa sindidadziwe woti ndimuloze chala. Pambuyo pake ndidatenga kope lakale la masamu ndi kumalembamo tsiku, nambala yochulukitsira, mavoti, kutentha, ndi nthawi imene idapirira. Kope limenelo lidandithandiza koposa nzeru zanga.

Musataye mawu amene Windows imalemba pa sikirini pamene ikufa. Awiri amaoneka kawirikawiri pa ntchito imeneyi. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR akutanthauza kuti purosesa yokha yazindikira cholakwa chimene singathe kuchikonza. CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT akutanthauza kuti chigawo chimodzi cha purosesa chaleka kuyankha. Kwa munthu amene wangokweza liwiro, mawu onsewa nthawi zambiri amaloza ku mavoti operewera pa liwirolo.

Koma kumene ndifuna kuti anzanga amvetsetse ndi uku. Kompyuta yakufa moonekera njabwino, pakuti yakuuzani. Yoopsa ndi imene ikulakwitsa mwakachetechete. Imayaka, imaimba nyimbo, imatsegula masewera, koma pa masamu mamiliyoni ambirimbiri imaphonya imodzi, ndipo cholakwacho chimalowa m'fayilo imene mukusunga. Mudzachizindikira patapita milungu, fayilo itakana kutseguka. Nchifukwa chake pali mapulogalamu oyesera. Wodziwika kwambiri ndi Prime95, imene George Woltman adalemba pa ntchito yofufuza manambala aakulu osagawika a mtundu wa Mersenne, ntchito imene idayamba mu 1996. Pulogalamuyi imapatsa purosesa masamu olemera amene mayankho ake ngodziwika kale, ndipo yankho likasiyana ngakhale pang'ono imaima ndi kunena. Yathu pa 45 idaima pasanathe mphindi khumi. Pa 44 idapirira ora lathunthu, ine nkuyamba kukondwa, kenaka idaima. Kuyesa kwa mphindi zisanu nkudzinyenga. Isiyeni maola angapo, ngakhale usiku wonse ngati magetsi alola.

Pamene ikuyesedwa, yang'anani kutentha ndi pulogalamu monga HWiNFO kapena Core Temp. Mapurosesa ambiri a Intel akayandikira madigiri 100 amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, ndipo kompyuta imene mudaithamangitsa imasanduka yochedwa koposa kale. Apa masamu a m'kalasi amagwira ntchito. Kutentha kumakwera molingana ndi liwiro, koma pa mavoti kumakwera monga mavotiwo mutawachulukitsa ndi iwo okha. Mukakweza mavoti ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, 1.1 kuchulukitsa ndi 1.1 ndi 1.21, ndiye kuti kutentha kwakwera ndi gawo limodzi mwa asanu ndi kupitirirako. Choncho mavoti amakwezedwa ndi timagawo tating'ono, monga 0.01 kapena 0.02, osati modumpha. Palinso kachinthu kena konyenga: purosesa ikalemedwa ntchito mavoti amatsika pang'ono kuchoka pa nambala imene mudalemba, pa nthawi yomwe akufunika koposa. Mu BIOS muli malo otchedwa Load-Line Calibration ochepetsera kutsikako.

Ife titatsegula bokosi tidapeza fumbi litaumbika pa zitsulo zoziziritsa ngati bulangeti, ndipo phala lotuwa limene amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo lidauma gwa. Titapukuta ndi kupaka latsopano kutentha kudatsika moonekera. Kumbukiraninso nyengo. Muyeso umene wakhazikika m'chisanu cha June ungathe kugwa mu October, pakuti fani imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo, ndipo mpweyawo ukatentha purosesa nayo imatentha.

RAM iyesedwe payokha ndi MemTest86, makamaka ngati mwatsegula XMP, popeza XMP nayo ndi overclocking ya RAM, kungoti yokonzedweratu ndi opanga.

Wina angafunse kuti, nanga ngati mavoti amachiza, bwanji osangowonjezera mpaka zitakhala bwino? Mavoti ochuluka amadya purosesa pang'onopang'ono, ndipo chodyekacho sichibwerera. Mu 2024 kampani ya Intel idavomereza kuti mapurosesa ake ena a mbadwo wa 13 ndi 14 ankafa pakati pa ntchito chifukwa ankalandira mavoti opitirira muyeso, ngakhale kwa anthu amene sadasinthe kanthu. Idatulutsa zokonza zodzera mu BIOS ndi kuwonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake, koma mapurosesa amene adadyeka kale adayenera kusinthidwa.

Kompyuta ya achimwene ikadatha kukhala pa 44 ndikadawonjezera mavoti, koma kutentha kudafika pamene sindidakondwe napo, ndipo choziziritsira chachikulu tidalibe. Ndidatsitsa kufika pa 42, ndi kuisiya ikuyesedwa kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba, osaphonya samu ngakhale imodzi. Achimwene adaona kope langa, adagwedeza mutu, ndipo adalamula kuti pa tchuthi chikudzachi ndisakhudzenso BIOS iwo palibe.