Intaneti ku Britain: kasitomala wakale akulipira zambiri kuposa watsopano

Pamsika, wogula amene amabwera tsiku ndi tsiku ndiye amalandira basera, ndipo zikavuta ndiye amaloledwa kutenga katundu pangongole. Koma pa malonda a intaneti ya m'nyumba m'dziko la Britain zinthu n'zosiyana: kasitomala amene wakhala zaka zambiri ndi kampani imodzi nthawi zambiri ndiye amalipira ndalama zochuluka kuposa amene wangolowa kumene, ngakhale awiriwo akulandira intaneti yofanana.

Mabungwe omenyera ufulu wa ogula kumeneko amatcha mchitidwewu chilango cha kukhulupirika. Nkhaniyi imakhudza mabanja mamiliyoni, kuphatikizapo Amalawi amene akugwira ntchito kapena kuphunzira m'mizinda monga London, Manchester ndi Glasgow.

Gwero la vutoli lili pa momwe intanetiyo imagulitsidwira. Ku Malawi anthu ambiri amagula mabandulo a tsiku, sabata kapena mwezi, ndipo akakhumudwa amangosintha simukhadi. Ku Britain, intaneti ya m'nyumba imayendera mgwirizano wa miyezi 12, 18 kapena 24, ndipo malamulo salola kuti mgwirizano wotere upitirire miyezi 24. M'nyengo imeneyi kasitomala amalipira mtengo wotsika umene kampani idamukopera. Nyengoyo ikatha, intaneti siduka ayi. Imapitirira monga kale, koma mtengo umakwera wokha kufika pamlingo umene kampani imautcha wanthawi zonse.

Tiyerekeze kuti banja lina lidasaina mgwirizano wa miyezi 18 pamtengo wa £25 pamwezi, ndipo mgwirizanowo utatha mtengo wafika pa £40. Popeza ndalamazo zimadulidwa zokha kubanki, banjalo likhoza kutha chaka osazindikira kusinthako. Pomwe chakacho chikutha limakhala litataya £180, pamene banja loyandikana nalo, limene langolowa kumene kukampani yomweyo, likulipira £25.

Bungwe la Citizens Advice, lomwe limalangiza anthu mwaulere pa nkhani za ndalama ndi malamulo, lidafufuza za mchitidwewu m'chaka cha 2017. Lidapeza kuti mitengo ya intaneti yotsika mtengo kwambiri kumakampani akuluakulu inkakwera ndi 43 peresenti mgwirizano ukatha, zomwe zinali pafupifupi £113 pachaka. Bungweli lidaonanso kuti okalamba ndi anthu opeza movutikira ndiwo amakhalitsa pakampani imodzi, kotero ndiwo amasenza kwambiri mtolowu.

Mu Sepitembala 2018, Citizens Advice idakapereka dandaulo kubungwe loona za mpikisano pamalonda la Competition and Markets Authority. Dandaulolo lidakhudza misika isanu: intaneti ya m'nyumba, mafoni a m'manja, inshuwalansi ya nyumba, ngongole zogulira nyumba komanso ndalama zosunga kubanki. Lidati makasitomala okhulupirika amataya ndalama zoposa £4 biliyoni pachaka m'misika imeneyi. Mu Disembala chaka chomwecho, bungwe loona za mpikisanolo lidavomereza kuti vutoli lilipodi ndipo n'lalikulu. Chaka chotsatira, bungwe la Ofcom, lomwe limayang'anira ntchito za mauthenga monga momwe MACRA imachitira ku Malawi, lidapeza kuti pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse okhala ndi intaneti ya m'nyumba anali atapyola nyengo ya mgwirizano wawo.

Chifukwa chimene makampani amachitira zimenezi n'chosavuta kumvetsa. Nyumba zambiri ku Britain zili kale ndi intaneti, choncho kampani ikafuna kukula iyenera kulanda makasitomala a inzake. Nyambo yake ndi mtengo wotsika, umene phindu lake limakhala lochepa chifukwa kampaniyo imaonongeranso ndalama pa kutsatsa, kutumiza rauta ndi kulumikiza nyumbayo. Phindu lenileni imaliyembekezera pambuyo pake, kuchokera kwa anthu amene adzaiwala tsiku lothera mgwirizano, amene alibe nthawi yoimba foni, kapena amene amaopa kukhala masiku angapo opanda intaneti. Mwa njira imeneyi, wokhala chete ndiye amalipirira wina amene amadziwa kunenerera.

Ofcom sidaletse kusiyana kwa mitengoku. Maganizo ake adali akuti mitengo yokopa makasitomala atsopano ndiyo imachititsa kuti makampani azipikisana, ndipo kuiletsa kungakweze mtengo kwa anthu amene amayesetsa kufunafuna potchipa. M'malo mwake idasankha kuthandiza kasitomala kudziwa nthawi yoyenera kuchitapo kanthu komanso kufewetsa njira yosamukira.

Kuyambira pa 15 Febuluwale 2020, kampani iliyonse imakakamizidwa kudziwitsa kasitomala kudzera pakalata, imelo kapena uthenga wapafoni kutatsala masiku 10 mpaka 40 kuti mgwirizano uthe. Uthengawo uyenera kutchula tsiku lothera mgwirizano, mtengo umene munthuyo wakhala akulipira, umene adzalipire akangokhala chete, komanso mitengo yabwino imene kampaniyo ili nayo, kuphatikizapo imene ikupatsa makasitomala atsopano. Amene adapyola kale mgwirizano amayenera kukumbutsidwa chaka chilichonse.

Chopinga china chidali kusamuka. Makampani monga BT, Sky ndi TalkTalk amagwiritsa ntchito mawaya a Openreach, ndipo kuchoka kwa imodzi kupita kwa inzake kudali kosavuta. Koma wofuna kupita ku Virgin Media, yomwe ili ndi mawaya akeake, kapena kuchokako, ankayenera kulankhula ndi makampani onse awiri ndi kudzigwirizanitsira yekha masiku. Ambiri ankagwa ulesi, ena ankabwezedwa ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa kunyengerera ofuna kuchoka.

Pofuna kuthetsa zimenezi, padakhazikitsidwa njira yotchedwa One Touch Switch. Idayenera kuyamba mu Epulo 2023, koma makampani adalephera kukonzeka panthawi yake, ndipo idayamba mu Sepitembala 2024. Tsopano kasitomala amangolankhula ndi kampani yatsopano, ndipo iyo ndiyo imakambirana ndi yakale. Kampani yakale imamutumizira uthenga wofotokoza ngati pali ndalama zoti alipire chifukwa chochoka msanga, ndipo akakhala wopanda intaneti kopitirira tsiku limodzi logwira ntchito amayenera kupatsidwa chipukutamisozi.

Padalinso vuto la kukwera kwa mitengo mgwirizano uli mkati. Makampani ambiri ankalemba kuti chaka chilichonse mtengo udzakwera molingana ndi kukwera mtengo kwa zinthu m'dzikomo, kuonjezapo 3.9 peresenti. M'chaka cha 2023, pamene zinthu zidadula kwambiri, makasitomala a BT ndi EE adaona mitengo ikukwera ndi 14.4 peresenti, ndipo sakadatha kuchoka popanda kulipira chindapusa chifukwa adasainira okha. Kuyambira pa 17 Januwale 2025, Ofcom idaletsa kalembedwe kameneka m'migwirizano yatsopano. Kampani iyenera kutchuliratu m'mapaundi ndi mapeni kuti mtengo udzakwera ndi zingati komanso liti.

Komabe lamuloli silidaletse kukwezako. Makampani ambiri tsopano amaonjezera £3 kapena £4 pamwezi chaka chilichonse, ndipo ndalama yofanana imapweteka kwambiri wolipira zochepa. Kwa wolipira £25, kuonjezera £3 n'kukweza ndi 12 peresenti, pamene kwa wolipira £60 ndi 5 peresenti chabe.

Pa inshuwalansi, akuluakulu adatenga njira ina. Kuyambira mu Januwale 2022, bungwe la Financial Conduct Authority lidaletsa makampani a inshuwalansi ya nyumba ndi galimoto kulipiritsa kasitomala wakale zambiri kuposa watsopano wofanana naye. Pa intaneti lamulo lotere palibe, choncho udindo udakali m'manja mwa wogula.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kasitomala amene mgwirizano wake watha ali ndi ufulu wochoka popanda chindapusa, ndipo mphamvu yake yonse yagona pamenepo. Akhoza kuyerekeza mitengo ya makampani opezeka m'dera lake, kuwerengera mtengo wa miyezi yonse ya mgwirizano m'malo mongoona wa mwezi woyamba, kenako n'kuimbira kampani yake kupempha mtengo wotsika. Nthawi zambiri makampani amatsitsa akamva kuti munthu watsimikiza zochoka. Olandira thandizo la boma monga Universal Credit akhozanso kufunsa za mitengo yapadera imene makampani ambiri adaikira anthu ovutika.

Amene mgwirizano wake udakali mkati ayenera kufunsa kaye za chindapusa chochokera msanga, chifukwa chikhoza kumeza ndalama zonse zimene amafuna kupulumutsa. Chimene angachite pakadali pano n'kufufuza tsiku lothera mgwirizanowo ndi kulilemba poonekera, kuti uthenga wa kampani ukadzafika asadzaudutse ngati wamalonda wamba.