Zipolopolo Zacete M'mfuti za .22

Alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba amene ali ndi mfuti za .22 zocinjirizira cimanga, nshawa ndi nthoci amvetse bwino mau awa.

Liu limathamanga mamita 340 pa sekondi. Cipolopolo coposa liwiro limeneli cimalira ngati cikoti, koma cocepera liwiro, monga ca mamita 320, cimapita mwakacetecete. Tsono ziripo zina zofatsa kopambana, za mamita 220 okha, ndipo bvuto liri pa izi.

Mfuti yodzilowetsera yokha cipolopolo imadalira mphamvu ya onga. Onga ukaphulika, khoko limakankhira m'mbuyo citsulo cotsekera, ndipo cimataya khokolo ndi kutenga cipolopolo cina. Onga ukacepa, citsulo cimabwerera panjira, khoko nkutsamwa pakhomo. Cifukwa cace yambani mwayesa zocepa musanagule zambiri, tsukani mfuti kawirikawiri, ndipo ikakana kokani citsulo ndi dzanja.

Mukamva kulira kofooka kosazolowereka, lekani kuombera. Cotsani zipolopolo zonse, muone ngati cina catsalira mu mpope.

Kufatsa kwace kusakunyengeni. Cipolopolo ca .22 cingathe kupitirira kilomita imodzi, ndipo cikagunda mwala kapena madzi cimanjanja. Musaombere kumene kuli mudzi, njira kapena abusa. Nguluwe sicingaiphe msanga: cimangoilasa, ndipo yolasidwa ndiyo yoopsa.

Mfuti iriyonse ifuna laisensi. Za nyama zoononga minda kauzeni a Department of National Parks and Wildlife, pakuti lamulo la 2015 liletsa kusaka popanda cilolezo.