Kanyenya Wabwino Amayambira Pophera, Amathera Pamoto

Pa tsiku la msika kwa Msakambewa, monganso ku Mponela ndi m'misika ina ya m'boma la Dowa, fungo la kanyenya ndilo limayamba kulandira alendo. Kuotcha nyama kukudyetsa mabanja ambiri, ndipo kumapezera msika alimi a ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Komabe nyama yosasamalidwa bwino imadwalitsa, ndipo wootcha amene wadwalitsa anthu sachedwa kuthawidwa ndi ogula.

Chisamaliro chimayambira pophera. Chiweto chiyenera kuyezedwa ndi mlangizi wa ziweto chisanaphedwe, ndipo nyama yake iunikidwenso isanagulitsidwe. Nyama ya chiweto chofa chokha siyoyenera kudya, ngakhale itatsika mtengo chotani. Timibulu toyera tonga njere za mpunga topezeka mumnofu wa nkhumba kapena ng'ombe ndi ana a njoka za m'mimba. Munthu akadya nyama yotere isanapse, njokazo zimakulira m'matumbo mwake. Mazira a njoka yochokera ku nkhumba amatuluka ndi chimbudzi, ndipo akalowa m'thupi la munthu kudzera m'chakudya kapena m'madzi, ana ake angathe kukakhala mu ubongo n'kuyambitsa khunyu.

Nyama ya ng'ombe za kumudzi imakhala yolimba, nchifukwa chake ootcha aluso amayamba aiviika m'madzi a mandimu osakaniza ndi mchere, adyo, tsabola wa kambuzi ndi mafuta ophikira pang'ono. Mandimu amafewetsa kunja kwa nthuli, pomwe mafuta amaiteteza kuti isaume pamoto. Koma kuviika kumangokometsa nyama, sikupha tizilombo tonse toyambitsa matenda. Popanda firiji, nyamayo isakhale m'mbale kupitirira maola awiri, ndipo ikhale yovundikira, pamthunzi. Madzi otsalira ali ndi magazi a nyama yaiwisi, choncho asathiridwe pa nyama yakupsa.

Chimene chimapha tizilombo ndi moto. Nthuli zidulidwe zazing'ono ndi zofanana kuti zipsere limodzi, ndipo pozitunga patimitengo ta nsungwi zisathithikane. Timitengoto tiyambe tanyikidwa m'madzi kuti tisanyeke. Wootcha adikire mpaka makala atayaka onse n'kuchita phulusa pamwamba, pakuti malawi amapsereza kunja m'kati mukadali mwaiwisi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chitenthe kufika madigiri 70 mpaka m'kati. Kwa wopanda choyezera, chizindikiro nchakuti nthuli ikadulidwa pakati isaoneke yofiira, ndipo madzi ake atuluke oyera.

Ngozi yotsiriza imabwera nyama itapsa kale. Mpeni, thabwa ndi mbale zimene zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze yakupsa zisanatsukidwe ndi sopo. Pamalo ootchera pakhale chidebe cha madzi osamba m'manja, ogula asatole nthuli ndi manja posankha, ndipo nyama ivundikiridwe kuopa ntchentche ndi fumbi. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa.

Amene akufuna kuyezetsa chiweto akumane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lawo tsiku lopha lisanafike. Za ukhondo wa pamalo ootchera afunse alangizi a zaumoyo a pachipatala cha Msakambewa. Wogula nayenso ali ndi ufulu wobweza nthuli yofiira m'kati kuti ibwerere pamoto.