Kodi mumadziwa? Mipope iwiri yomwe imadyetsa Nkhata Bay

Inu a Fomu 4 amene mutu wa xylem ndi phloem wakusowetsani tulo pokonzekera mayeso a MSCE, tatsekani kaye kopelo. Tsikirani kudoko la Nkhata Bay, muone bwato, chinangwa ndi mpira wa labala. Phunziro lonselo lili pomwepo, ndipo mipope yoti muigwire ndi iwiri yokha.

Kodi mumadziwa kuti bwato losema ndi xylem yokhayokha? Mtengo ukasendedwa khungwa, pafupifupi zonse zotsalazo ndi xylem, yomwe mipope yake ndi maselo akufa, amphako, olumikizana kuchokera kumizu mpaka kunsonga, makoma ake atalimbitsidwa ndi lignin. Ndiye kuti msodzi wa usipa amayandama pa mipope yomwe kale inkanyamula madzi, lero madzi ndi amene akuinyamula!

Nanga madziwo amalowera pati? Amalowa mwa osmosis kudzera m'timizu tonga ubweya, pomwe michere ya m'nthaka imakokedwa pogwiritsa ntchito mphamvu, njira yotchedwa active transport. Mu 1937, Howard Dittmer wa ku America anayeza mizu ya mmera umodzi wa rye, mbewu yachibale ndi tirigu, napeza makilomita oposa 600, kutalika kuposa nyanja ya Malawi yonse.

Kodi mumadziwa kuti chomera chilibe mtima wopopa, koma chimakweza madzi kuposa pampu? Pampu yoyamwa, ngakhale itakhala yapamwamba chotani, siingakweze madzi kupitirira mamita 10 okha. Koma mtengo wotchedwa Hyperion ku California umawafikitsa pa mamita pafupifupi 116, kuposa sitima ziwiri za Ilala zitaimikidwa chilili ina pamwamba pa inzake.

Chinsinsi chake nchiyani? Dzuwa likasandutsa madzi a m'tsamba kukhala nthunzi, timadontho totsalira timakoka tinzake, popeza madzi amagwirana okhaokha komanso amamatirira kumakoma a xylem. Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin anafotokoza zimenezi mu 1894, ndipo papita zaka zoposa 125 mfundo yawo ya cohesion-tension ikadalibe yoilanda mpando.

Kodi mumadziwa kuti chomera chimataya pafupifupi madzi onse omwe chamwa? Pa magawo 100 alionse, 97 kapena kuposerapo amangodutsa n'kutulukira m'masamba mwa transpiration. Phesi limodzi la chimanga lingathe kutaya malita pafupifupi 200 kuyambira pomera mpaka pokhwima, ndowa khumi za malita 20!

Ndiye amatulukira pati? Pa timabowo totchedwa stomata, tomwe m'masamba ambiri timachuluka kunsi ndipo kalikonse kali ndi maselo awiri otsegula ndi kutseka. Timabowoti timatenga gawo limodzi kapena awiri okha pa magawo 100 a tsamba, koma m'menemo ndi momwe mumadutsa pafupifupi magawo 90 a madzi otayikawo.

Mwera ukawomba panyanja, si asodzi okha amene amaumva. Mphepo imachotsa chinyezi chozungulira tsamba, motero madzi amatuluka mofulumira, monganso zimakhalira kukatentha, kukawala kwambiri kapena mpweya ukauma. Akakufunsani zomwe zimasintha liwiro la kathovu mu potometer, kachipangizo koyezera momwe chomera chimamwera madzi, musaiwale zinayi zimenezi, chifukwa ndi mamalikisi anayi apompopompo.

Kodi munaonapo timadontho titandanda m'mphepete mwa tsamba la chimanga chanthete mbandakucha? Si mame onse ayi, ena ndi madzi okankhidwa ndi mizu usiku pamene stomata ili yotseka, ndipo dzina lake ndi guttation. Mphamvu ya mizuyo ilipodi, koma imakweza madzi mamita owerengeka chabe, osati 100.

Tsopano mpope wachiwiri. Kodi mumadziwa kuti maselo a phloem onyamula shuga ndi amoyo koma alibe nucleus? Amadalira selo lothandizira la pambali pake, companion cell, ndipo chakudya chimayenda pafupifupi mita imodzi pa ola, pamene madzi mu xylem ya mitengo ina amatha kuthamanga mamita 40 pa ola lomwelo.

Xylem imapita kumwamba kokha, koma phloem imapita kulikonse komwe chakudya chikufunika. Ernst Münch wa ku Germany anafotokoza mu 1930 kuti shuga akadzaza ku gwero, madzi amalowa mwa osmosis n'kukankhira zonse kumalo osungira kapena omwe akukula. Ili ngati Ilala, yomwe imakweza katundu padoko lina n'kukatsitsa pa lina, ulendo uno kumpoto, ulendo winawo kummwera.

Kodi mumadziwa kuti kondowole anayambira m'tsamba? Shuga wopangidwa m'masamba a chinangwa amatsika mu phloem n'kukasanduka sitachi m'mizu, ndipo gawo lalikulu la chiphe cha chinangwa chowawa limatsikira njira yomweyo. Nchifukwa chake amayi a m'mphepete mwa nyanja amachiviika masiku angapo asanachiyanike, sayansi yomwe ankaidziwa kale mayeso a bayoloje asanabwere kuno.

Mpope wa shuga susowa akuba. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, tizilombo ta kodikodi toyamwa phloem tinasakaza chinangwa cha ku Nkhata Bay mpaka mabanja kugona ndi njala. Chomwe chinathandiza kugonjetsa tizilomboti sichinali mankhwala ayi, koma kamavu kochokera ku South America, kotalika mamilimita osakwana awiri.

Kodi mumadziwa kuti akuba ena otere anaphunzitsa akatswiri? Nsabwe ya m'masamba imalasa kamlomo kake mwachindunji mu selo limodzi la phloem, ndipo m'zaka za m'ma 1950 asayansi anayamba kudula thupi lake n'kusiya kamlomoko pomwepo. Madzi a shuga amapitiriza kudontha okha kwa maola ambiri, mwinanso masiku, umboni woti m'katimo muli mphamvu yokankha.

Mukamadutsa ku Vizara pamsewu wa M5, mwadzifunsapo chifukwa chomwe ocheka mitengo ya labala amalawirira mbandakucha? Nthawi imeneyo mtengo sunayambe kutaya madzi, choncho timitsempha ta utomoni ta m'khungwa timakhala todzaza kwambiri. Mphamvu yokankha utomoniwo imaposa mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi kasanu!

Koma chenjerani, apa pali msampha. Utomoni woyerawo si chakudya cha mu phloem, uli ndi timitsempha take take, ndipo wocheka waluso amaimitsa mpeni asanakhudze cambium, kachigawo kamene kamabala xylem m'kati ndi phloem kunja. Pakati pa mtengo wopereka labala zaka makumi awiri ndi mtengo wa zipsera pali milimita imodzi kapena iwiri basi.

Kodi mumadziwa kuti mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umayamba kufa ndi mizu? Masamba amakhalabe obiriwira kwa kanthawi chifukwa xylem ikadali bwino, koma shuga amaunjikana pamwamba pa bala mpaka kutupa, pamene mizu ikufa ndi njala. Marcello Malpighi wa ku Italy anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1600, ndipo wofuna luzi kapena mng'oma wa njuchi amabwereza mayeserowa lero, zaka zoposa 300 pambuyo pake.

Pomaliza, gwirani zojambula. Mu muzu wa nyemba xylem imakhala pakati ngati nyenyezi, mu tsinde lake mitolo ya mipope imazungulira mwadongosolo, m'phesi la chimanga imamwazikana, ndipo mu mtsempha wa tsamba xylem ili pamwamba, phloem pansi. Jambulani zinayi zimenezi musakuyang'ana m'buku, kenaka viikani tsinde lanthete m'madzi a utoto, mudule mawa lake, muone nokha mpope womwe wasintha mtundu. A MANEB akafunsa, mudzakhala mukulemba zomwe maso anu anaona.