Kugula katundu wodula pa intaneti kwa munthu wosamudziwa: tikugula chinthu kapena chithunzi?

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, mafunso amene akumatipeza pakhomo la mzikiti kuno ku Zomba asintha. Kale anthu ankafunsa za ngongole ya chimanga ndi malire a munda. Lero funso likumakhala lotere: mwana wathu wa ku Johannesburg watumiza ndalama zoti tigule injini ya boti, ndiye taona ina pa Facebook imene anthu akupikisana mitengo, koma mwiniwake akuti wopambana atumize kaye theka la ndalama, kodi ndi zololedwa? Wina akufuna galimoto ya ku Japan, wina njinga yamoto ya kabaza, wina sola, wina kompyuta ya mwana amene wasankhidwira ku Unima. Ndalama zake si zapatali. Ndi za usipa wa chaka chonse ku Makanjira, za mpunga wa ku Chilwa, za thukuta la mwana amene akugona pabalaza kwa eni kuti kwawo kukhale kanthu.

Tiyambe ndi kunena kuti malonda opikisana mitengo, amene timawatcha okushoni monga ya fodya ku Limbe ndi ku Kanengo, ndi ololedwa m'Chisilamu. Ma Ulama amawatcha bay'ul muzaayada. Anas bin Malik (radhia Allahu anhu) adasimba za munthu wina wa mwa ma Answari amene adabwera kwa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) kudzapempha. Mtumiki adamuuza kuti abweretse zimene adali nazo kunyumba, ndipo adabwera ndi chofunda ndi chikho chomwera madzi. Mtumiki adazinyamula nafunsa amene angagule. Wina adatchula dirham imodzi, Mtumiki adafunsa ngati pali woonjezera, wina natchula ziwiri, ndipo adagulitsa kwa ameneyo. Dirham imodzi idagula chakudya cha banja, inayo idagula nkhwangwa yotemera nkhuni zogulitsa. Nkhaniyi ili mwa Abu Dawud ndi Ibn Majah.

Bungwe la akadaulo a fiqh la maiko a Chisilamu, International Islamic Fiqh Academy, lidagamulanso chimodzimodzi pamsonkhano wake wa ku Brunei mu 1993. Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 1990 ku Jeddah, lidali litavomereza kuti malonda angathe kumangidwa kudzera pa foni ndi zipangizo zina zamakono. Choncho vuto si okushoni, ndiponso vuto si foni.

Koma taonaninso nkhani ya Anas ija. Chofunda ndi chikho zidali m'manja mwa Mtumiki, pamaso pa onse. Mwini katundu adali pomwepo. Opikisana mitengo ankaonana nkhope. Pa okushoni ya pagulu la WhatsApp kapena patsamba la Facebook, zitatu zonsezi palibe. Katundu simunamuone, mwaona chithunzi. Wogulitsa simukumudziwa, mukudziwa dzina limene walemba yekha. Amene akupikisana nanu simungatsimikize kuti ndi anthu enieni.

Apa ndi pamene pamalowera gharar, kutanthauza malonda amene mathero ake ndi obisika: simukudziwa ngati chinthucho chilipo, ngati chili monga achinenera, kapena ngati chidzafika m'manja mwanu. Mtumiki adaletsa malonda otere, monga zilili mu Swahih Muslim kuchokera kwa Abu Huraira. Ma Ulama popereka chitsanzo amakonda kutchula kugulitsa nsomba imene idakali m'madzi, ndipo anthu a kunyanja safunika kuwamasulira. Ndani angapereke ndalama ya chambo chimene chikusambirabe ku Malombe? Hakim bin Hizam naye adaletsedwa kugulitsa chinthu chimene alibe. Ambiri mwa ogulitsa a pa intaneti amene amabera anthu alibe ngakhale tayala la galimoto imene akuitsatsa. Zithunzi amangokopera patsamba la kampani ina.

Mazihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri mwa ife timatsatira, ndi okhwima pankhaniyi. Chinthu chodziwika chenicheni, monga galimoto iyi kapena injini iyi, sichigulidwa wogula kapena womuimira asanachione. A mazihabu a Imam Abu Hanifa amalola, koma amapatsa wogula ufulu wobweza akadzachiona. Tsono funso ndi lakuti, ufulu wobwezawo mudzautengera kwa yani ngati wogulitsa wazimitsa foni? Ena amati, nanga si Shariah idalola salam, kulipira lero n'kudzalandira katundu mtsogolo? Idalola ndithu, koma salam ndi ya katundu wofotokozedwa mtundu, muyezo ndi tsiku lolandira, monga matumba a mpunga, ndipo wogulitsa amakhala munthu wodziwika amene katunduyo wasanduka ngongole pakhosi pake. Munthu wopanda dzina lenileni sasenza ngongole.

Palinso tchimo lina limene intaneti yalipeputsa kwambiri, lotchedwa najsh. Uku ndi kukweza mtengo pa okushoni usakufuna kugula, cholinga chako chili chakuti wina atenthedwe mtima akweze. Bukhari ndi Muslim onse adalandira kuletsedwa kwake kuchokera kwa Ibn Umar. Pamsika wa Zomba, kuti munthu achite najsh amafunika anzake awiri atatu oti aime pambali. Pafoni munthu mmodzi amatsegula maakaunti asanu, nadzipikisa yekha. Inu mukaona mtengo ukukwera mumati katunduyu ndi wabwino, anthu akumulimbirana. Ukatha mpikisano, mwina mumalandira uthenga wakuti amene adapambana walephera kulipira, ndiye mwayi wagwera inu, koma mutumize ndalama dzuwa lisanalowe. Changu chimenechi ndicho chida chawo chachikulu. Safuna kuti mugone nayo nkhaniyo, safuna kuti mufunse amalume kapena mwana amene amadziwa za makompyuta. Tichenjezenso achinyamata athu apa: mnzako akakupempha kuti ulembe mtengo wabodza pansi pa katundu wake kuti umuthandize, wakuitanira ku haraam, ngakhale katunduyo akhale weniweni.

Tikhalitse pang'ono pa galimoto, chifukwa ndi pamene mabanja akutayira ndalama zambiri nthawi imodzi. Ku Japan kuli maokushoni enieni a galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wamkulu mwa iwo ndi USS. Munthu wamba saloledwa kupikisana nawo mwachindunji. Amalowa ndi makampani a galimoto amene ali mamembala. Ndiye aliyense amene akugula kuchokera kuno akudalira munthu wapakati, ndipo funso lonse lagona pa munthu ameneyo. Galimoto iliyonse ya pa okushoni imakhala ndi pepala la woyendera, limene limalemba nambala ya chasesi, mtunda umene yayenda ndi giredi yake, monga 4 kapena 3.5, ndipo chilembo R chimasonyeza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pepala limeneli limatha kusinthidwa pakompyuta, monganso mtunda wa pa dashibodi umatha kubwezedwa m'mbuyo. Mtumiki tsiku lina adapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika napeza kuti pansi pake ndi ponyowa, ndipo adadzudzula wogulitsayo kwambiri chifukwa chobisa chilema. Ife tomwe tikamagula sitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe timayang'ana za pansi pa kadengu. Pachithunzi palibe popisa dzanja.

Galimoto ikagulidwadi, imakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kenako imayenda pamsewu kudzalowa pachipata cha Songwe ku Karonga, kumene a MRA amafuna msonkho wawo. Pamsewu wautali umenewu akamberembere ali ndi malo ambiri oimapo. Ena amapanga tsamba lofanana ndi la kampani yodziwika, kusiyana chilembo chimodzi padzina. Ena amakutumizirani kalata yakuti akaunti ya kampani yasintha, mulipire ku ina, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti ili m'dzina la munthu kapena ili m'dziko lina osati Japan. Ena amalandira ndalama yoyamba n'kuyamba kukukamani pang'onopang'ono: lero ya inshulansi, mawa ya kudoko, mkuja yoti galimoto yagwidwa pachipata. Munthu amapitiriza kutumiza chifukwa akuopa kutaya zimene watumiza kale. Ndalama yotumizidwa kunja kudzera kubanki ikangolandiridwa mbali inayo, kuibweza ndi kovuta zedi, chimodzimodzi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ikatapidwa kwa ejenti.

Ngakhale wogulitsa atakhala woona, pali china chimene ambiri saŵerengera. Mtengo wa patsamba nthawi zambiri ndi wa galimoto yokha ili ku Japan. Sitima, doko, woyendetsa ndi msonkho ndi zapadera, ndipo zambiri mwa izi zimatsatira dola. Mu May 2022 kwacha idagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Amene galimoto yake idali panyanja masiku amenewo adapeza kuti ndalama imene adasungira msonkho siikukwananso.

Tisaganize kuti atambwali onse ali kutsidya la nyanja. Apolisi akhala akunena poyera kuti ena mwa mafoni ndi mauthenga obera anthu ndalama za m'manja amachokera kwa akaidi ena a kundende yaikulu ya kuno ku Zomba, pogwiritsa ntchito mafoni olowetsedwa mozemba. Munthu amene akukuuzani kuti ali kudoko akuyang'ana kontena yanu angathe kukhala kuti ali pamtunda woyenda pansi kuchokera ku Chinamwali. Kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, komabe mbava zimagwiritsa ntchito nambala zolembetsedwa m'maina a anthu ena. N'chifukwa chake chiphaso chanu si chobwereketsa. Tsiku lina apolisi potsata nambala adzagogoda pakhomo panu.

Nanga banja limene likufunadi kugula lichite chiyani? Shariah idatipatsa khomo lotchedwa wakaala, kutuma womuimira. Ngati injini ili ku Durban, m'bale wathu amene ali konko apite akaione ndi maso, ailize, aŵerenge nambala yake, ndipo ndalama iperekedwe iye ali pomwepo. Ngati katundu ali ku Limbe kapena ku Lilongwe, mtengo wa minibasi ndi wochepa poyerekeza ndi mamiliyoni amene mukufuna kutumiza. Wogulitsa amene akukana kuti munthu wanu aone katundu wakuyankhani kale. Pa galimoto ya kunja, gulani kudzera kukampani imene ili ndi ofesi yoti mungathe kulowamo ndi mapazi anu kuno ku Malawi, lipirani ku akaunti ya dzina la kampaniyo mutatsimikiza pamaso, ndipo funsani chikalata cha sitima chotchedwa bill of lading, chimene chimalemba dzina lanu, dzina la sitima ndi nambala ya chasesi. Za msonkho kafunseni a MRA musanalipire kanthu. Galimoto yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Foni yodula, imbani *#06# muone ngati nambala yake ikufanana ndi ya pabokosi.

Ndipo lembani. Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ndalama imene mwalipira katundu musanalandire ili m'manja mwa wina kwa nthawi, choncho payenera kukhala pepala, maina enieni, tsiku lofikira katundu ndi zoyenera kuchitika akapanda kufika. Ena amaona ngati kupempha pepala kwa Msilamu mnzawo ndi kumunyoza. Akamberembere amachidziwa chimenechi. Amayamba ndi salaam yaitali, dzina la Chiarabu, chithunzi cha Ka'bah ndi insha Allah pa mzere uliwonse, podziwa kuti tichita manyazi kufunsa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ayah ija idatsikira maswahaba, anthu okhulupirika kuposa ife tonse, ndipo palibe adaiona ngati chipongwe.

Mtengo wotsika mopitirira muyezo uli ndi ngozi inanso: katundu angathe kufika, koma ali wobedwa. Kugula chinthu ukudziwa kapena ukukaikira kwambiri kuti ndi chakuba ndi haraam, ndipo malamulo a dziko lino amautenga kukhala mlandu. Mwini wake akapezeka, katundu amabwerera kwa iye, inu n'kutsala opanda katundu, opanda ndalama.

Amene zamuchitikira kale asabise. Timadziwa kuti bambo amene wataya ndalama za mwana wake amaopa kusekedwa, ndipo ena amakhala miyezi akunamiza banja kuti injini ili m'njira. Nthawi yomweyo imbirani kampani ya foni kapena banki yanu, chifukwa ndalama ikakhala kuti sinatapidwe nthawi zina imatheka kuimitsidwa. Musafufute mauthenga, manambala ndi malisiti. Pitani nazo kupolisi. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu, ndipo kuyambira mu 2016 dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lokhudza milandu ya pa intaneti. Ngati wogulitsayo ndi kampani yolembetsedwa m'dziko muno imene yakupatsani katundu wosiyana ndi amene mudagwirizana, dandaulo lanu lingapitenso ku Competition and Fair Trading Commission. Pakapita masiku mwina mulandira foni ya munthu wodzitcha wapolisi kapena wa kampani ya foni, wonena kuti ndalama zanu zapezeka koma mutumize kangachepe kapena mutchule nambala yanu yachinsinsi kuti azibweze. Kawirikawiri amakhala yemwe uja, wangosintha nambala.

Wallahu a'lam.