Mankhwala alipo, nanga kachilombo kakukaniranji kugonja?

Pa zipatala zambiri za kumudzi, kutenga magazi oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV sikuchedwa. Wachipatala amabaya chala, n'kudonthezera magazi pa kapepala kapadera, kenako amakasiya pambali kuti kaume. Wa njinga yamoto akabwera amakanyamula kupita nako ku labotale yaikulu. Chobwerako ndi nambala imodzi, imene achipatala amaitcha viral load, ndipo nambalayi simva zoti "ndimamwa bwinobwino, adokotala".

Malire ake ndi tizilombo 1,000 pa mililita imodzi ya magazi. Tikachepera pamenepo, amati kachilombo kagonja. Tikachepa mpaka makina osatipeza n'komwe, munthuyo sangapatsire mnzake wogonana naye, monga bungwe la WHO linatsindikira mu 2023. Umboni wina woyambirira wa nkhaniyi unachokera konkuno: kafukufuku wa HPTN 052, yemwe anachitikanso ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi ndi 96 peresenti.

Malawi wayenda ulendo wautali chiyambireni kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 amene ali ndi kachilombo, 88 amadziwa. Mwa odziwa 100 aliwonse, 98 ali pa mankhwala. Ndipo mwa omwa mankhwala 100 aliwonse, 97 kachilombo kanagonja. N'zonyaditsa. Komabe m'dziko la anthu pafupifupi miliyoni imodzi okhala ndi HIV, atatu otsala pa 100 aja ndi anthu masauzande ambiri. Abambo ndi achinyamata ndiwo akutsalira kwambiri.

Nambala ikakwera, chala chimathamangira kuloza wodwala kuti ngwosamvera. Kudumphitsa mankhwala ndiye kumayambitsadi vutoli kawirikawiri, koma munthu sadumphitsa mwa masewera.

Taganizirani mayi amene anapezeka ndi kachilombo ku sikelo. Kuyambira 2011, pomwe Malawi anatsogolera dziko lonse lapansi ndi ndondomeko ya Option B+, mayi woyembekezera amayamba mankhwala a moyo wonse akangopezeka nako. Ana ambiri apulumuka chifukwa cha zimenezi. Koma mayiyo nthawi zambiri amamva uthengawo ali yekha, bambo ali kumunda kapena kumsika, ndipo pobwerera kunyumba amayamba kuwerengera: ndikaulula, banja litha? Akasankha kukhala chete, botolo limakabisidwa pansi pa thumba la ufa kapena kwa mnansi. Botolo la miyezi itatu ndi lalikulu, ndipo limachita phokoso m'chikwama. Mayiyo amamwa pokhapokha bambo akatuluka, ndiye tsiku limene bambo aswera pakhomo, piritsi limaswera m'botolo. Kukagwa maliro kumudzi n'kukagona kusiwa masiku atatu pakati pa azilamu, ndani angatulutse botololo?

Manyazi omwewo ndiwo amachititsa ena kusiya chipatala chapafupi n'kukalembetsa kutali kumene sakudziwika. Zimayenda mpaka tsiku limene ya minibasi yasowa.

Kwa abambo nkhani imakhala ya m'thumba. Tsiku lokhala pa mzere ndi tsiku lopanda ganyu. Msodzi amatsatira usipa kudoko lina, wina amakwera basi ya ku Joni ndi mankhwala a miyezi yochepa, osadziwa kuti akatha akalowera khomo liti. Kupereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kwathandiza kwambiri, kungoti mwayiwu ngwa amene zinthu zikuwayendera kale. Amene nambala yake yakwera amauzidwa kuti azibwera pafupipafupi, chonsecho mwina chimene chinamugwetsa ndi ulendo womwewo.

Njala ya mu Januwale ndi Febuluwale nayo imasokoneza, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti mankhwalawa sayenera kugwera m'mimba mopanda kanthu. Zoona zake n'zakuti piritsi limene ambiri akumwa lero limamweka ngakhale usanadye. Mowa umaiwalitsa, ndipo ena amasiya dala tsiku lomwe amwa poopa kusakaniza, pamene kusiyako ndiye koopsa. Za aneneri ouza anthu kuti achira, ataye mabotolo, tisachulutse gaga m'diwa: kachilombo kamabwerera ngati udzu m'munda wosapalira.

Palinso anthu amene amamwa mokhulupirika, nambala n'kukwerabe, ndipo awa ndi amene amavulala kwambiri ndi kukalipiridwa. Kuyambira 2019 Malawi anasamutsira anthu ambiri ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, chifukwa kachilombo kanali katayamba kupima mankhwala akale monga efavirenz, omwenso ankapatsa ena chizungulire ndi maloto oipa. Dolutegravir ngwamphamvu ndipo kachilombo kamavutika kumupima, koma ali ndi adani ake. Rifampicin, mankhwala a TB, amachepetsa mphamvu yake m'thupi, n'chifukwa chake wodwala TB amawonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir kuti azimwa kawiri patsiku. Mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, ndi mankhwala ena a kutentha pa chifuwa amagwira dolutegravir m'matumbo, osalowa bwino m'magazi, ngati munthu wameza zonse pamodzi m'mimba muli pululu. Ambiri mwa mankhwala amenewa amagulidwa pa golosale popanda wofunsa, ndipo wodwala sangaganize zowatchula ku chipatala ngati safunsidwa.

Mwa malamulo a chipatala, magazi amayezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni mankhwala, kenako chaka chilichonse. Nambala ikadutsa malire, munthu amalandira uphungu wapadera n'kuyezedwanso pakatha miyezi itatu. Ambiri amatsika osasintha n'komwe mankhwala. Izi zimatheka mlangizi akakhala ndi nthawi yofunsa kumene botolo limagona ndi amene amadziwa m'nyumbamo, m'malo mongowerenga mapiritsi otsala. Kuwerengako n'kosavuta kukuzemba: woopa kukalipiridwa amataya otsalawo panjira.

Chipatala nacho chili ndi mbali yake. Zotsatira zikachedwa, kapena zikafika n'kungolowa m'faelo mwini wake osaitanidwa, munthu amakhala miyezi akuganiza kuti zonse zili bwino. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ena anathawa madzi opanda mankhwala ngakhale buku la kuchipatala, misewu itaduka. Ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ntchito zambiri zodalira ndalama za pulogalamu ya bomalo yotchedwa PEPFAR zinagwedezeka. Piritsi likhoza kupezeka pa windo, koma wonyamula magazi pa njinga yamoto, woyendetsa makina ku labotale, ndi mlangizi wolondola munthu amene wasowa pa tsiku lake, ambiri a iwo malipiro awo akhala akuchokera ku thumba lomwelo.