Nsapato imodzi, ntchito ziwiri: kuthamanga ndi kunyamula zitsulo

M'madera ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, achinyamata amene amalawirira m'mamawa kukathamanga mumsewu ndi omwewo amene madzulo amakanyamula zitsulo kuseri kwa nyumba. Zonyamula zawo kawirikawiri zimakhala za simenti wothira m'zitini. Ambiri mwa iwo ali ndi nsapato imodzi yokha, yogula pa kaunjika kapena pa salaula, ndipo amayembekeza kuti iwatumikira pa ntchito zonse ziwiri. Kodi zimenezi n'zotheka? Funsoli lakhala likuzunguza mitu akatswiri okonza nsapato kwa zaka pafupifupi 40.

Zofuna za phazi zimasiyana

Munthu akamathamanga, phazi lake limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake nsapato yothamangira imakhala yopepuka, yopindika mosavuta kutsogolo, ndiponso ya soli yofewa ngati siponji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makampani akhala akugwiritsa ntchito siponji yotchedwa EVA pofuna kuchepetsa kugunda kumeneku.

Wonyamula zitsulo amafuna zosiyana kwambiri. Iye amakankha nthaka ndi mapazi kuti katundu akwere, choncho soli ikakhala yofewa imabonyera, mphamvu ina imathera m'menemo ndipo akakolo amagwedezeka. Zili ngati kuyesa kunyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50 munthu ataimirira pa matiresi. Nsapato yeniyeni yonyamulira zitsulo imakhala yolemera, ya soli yolimba, ndipo ili ndi lamba womanga phazi kuti lisasunthe. Chidendene chake chimapangidwa ndi thabwa kapena pulasitiki wolimba ndipo chimakwera pafupifupi masentimita awiri, zomwe zimathandiza munthu kunjuta mpaka pansi msana uli chilili. Koma kuthamanga nayo ndi chilango.

Apa ndiye pagona vuto. Chimene chimateteza wothamanga ndi chomwecho chimene chimasokoneza wonyamula zitsulo.

Mmene akatswiri ayesera

Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana ndi vutoli ndi Tinker Hatfield, amene anaphunzira luso lojambula mapulani a nyumba asanayambe kukonza nsapato ku kampani ya Nike ku America. Iye anaona kuti anthu amapita kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi atanyamula nsapato zingapo m'chikwama. Mu 1987 kampaniyo inatulutsa nsapato yake yotchedwa Air Trainer 1, imene inali ndi lamba kutsogolo kwa phazi komanso soli yotambalala m'mbali kuti phazi lisapendekeke. Katswiri wa tenesi John McEnroe anayamba kuivala isanafike n'komwe pa msika.

Masewera osakaniza kuthamanga, kudumpha ndi kunyamula zitsulo, otchedwa CrossFit, atatchuka, mpikisano wa makampani unakula. Reebok inatulutsa Nano mu 2011 ndipo Nike inatsatira ndi Metcon mu 2015. Nzeru ya nsapato zimenezi ndi yogawa soli pawiri. Kumbuyo amaikako chidendene cholimba ndi chotambalala kuti munthu akhazikike ponyamula katundu. Kutsogolo amaikako siponji yofewerapo ndi mizere yozama kuti nsapato izipindika pothamanga. Chidendene sichikwera kwambiri kuposa zala: m'nsapato zambiri za mtunduwu kusiyana kwake ndi mamilimita 4 mpaka 7, pamene m'nsapato zambiri zothamangira kumafika mamilimita 8 mpaka 12. Kumutu kwa nsapato kumakhala kotakasuka kuti zala zitambasuke ndi kugwira pansi.

Komabe, akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nsapato zoterezi zimachita bwino pa mtunda waufupi ndi pa katundu wolemera pang'ono, koma sizilowa m'malo mwa nsapato yothamangira mtunda wautali, ndiponso sizifanana ndi ya katswiri wonyamula zitsulo pa mpikisano.

Umboni wake ukuoneka pa mpikisano wa Hyrox, umene unayamba mu 2017 mumzinda wa Hamburg ku Germany. Opikisana amathamanga kilomita imodzi kasanu ndi katatu, ndipo akamaliza kilomita iliyonse amagwira ntchito ina ya mphamvu, monga kukankha chilei cholemera, kusenza thumba la mchenga, kapena kuyenda mamita 200 atanyamula zitsulo m'manja monse muwiri ngati mlimi wonyamula makheni othirira dimba. Popeza gawo lalikulu la mpikisanowu ndi kuthamanga, ambiri amasankha nsapato zothamangira zogwira pansi bwino. Phunziro lake n'lakuti ntchito imene munthu amaichita kwambiri ndiyo iyenera kulamula nsapato.

Kusankha pamene ndalama ndi zochepa

Alangizi a achinyamata ndi atsogoleri a magulu a masewera angathe kuthandiza anthu awo kuti asataye ndalama imene anaipeza movutikira atagulitsa mbewu. Choyamba ndi kufunsa wogulayo chimene amachita kwambiri pa sabata. Ngati amathamanga makilomita ambiri ndipo zitsulo amangogwira mwa apo ndi apo, agule yothamangira koma ya soli yosatalika ndi yosafewa kwambiri. Ngati nthawi yambiri amanyamula zitsulo, agule ya soli yafulati ndi yolimba. Ngakhale nsapato wamba yansalu ya soli yopyapyala imathandiza ponyamula katundu kuchokera pansi kuposa yothamangira yodula.

Pa msika, nsapato iyesedwe ndi manja isanalipiridwe. Chidendene chikanikizidwe ndi chala chachikulu: chikalowa mosavuta, nsapatoyo siyoyenera katundu wolemera. Ikapindidwa, ipindike pamene zala zimayambira, osati pakati. Ikaikidwa pamalo osalala, iime mowongoka. Yopendekera mbali imodzi inatha kale potsatira mayendedwe a mwini wake woyamba, ndipo idzapendeketsanso phazi la wogula. Siponji ya nsapato yothamangira imafooka ikayenda makilomita apakati pa 500 ndi 800, choncho ya pa kaunjika ingathe kuwala kunja pamene m'kati inatha kalekale. Makwinya ambiri m'mbali mwa soli ndi chizindikiro chake.

Ndi bwino kuyesa nsapato madzulo chifukwa mapazi amatupako pang'ono tsiku likamapita, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja. Nsapato yakale ichapidwe ndi sopo ndi kuumitsidwa bwino isanavalidwe, kupewa matenda a pakhungu.

Pomaliza, nsapato si mankhwala. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathon pa masewera a Olympic ku Rome mu 1960 ali wosavala nsapato. Wachinyamata amene amawonjezera mtunda ndi katundu pang'onopang'ono, n'kumanyamula msana uli wowongoka, amadziteteza kwambiri kuposa amene amangodalira dzina la kampani lolembedwa pa nsapato.